Achemwali Abwera ndi Mabulosi

Mzime anali atagwada pansi m'chipinda chake chosokera, mapini ali kukamwa, akupinda m'munsi mwa diresi la kasitomala, pamene anamva geti likulira. Atasuzumira pawindo anatsala pang'ono kumeza pini. Wolowayo anali achemwali ake, mayi wathupi ndithu, ndowa ziwiri zili m'manja, akuyenda chopendekeka ngati munthu wochokera kotunga madzi.

Dzina loti Mzime linamukanirira kuyambira ali khanda, poti ndiye anali womaliza kubadwa. Ana analipo awiri okha, iye ndi achemwali akewo, ndipo panali patapita zaka zingapo asakupondana pakhomo. Chinawadanitsa ndi nyumba yomweyo. Mayi awo atamwalira, misozi isanaume n'komwe, achemwali ananena pamaso pa abale kuti nyumbayo igulitsidwe. Mzime, amene anadwazika mayiwo mpaka kuwatseka maso, anayankha mawu amene abale mpaka lero sawabwereza. Kuchokera tsiku limenelo ankangopatsana moni pamaliro basi, wa kunsonga kwa zala.

"Odi, eni nyumba!"

Mzime analavulira mapini m'dzanja. Sanafulumire. Anatsegula chitseko theka, theka linalo n'kulitseka ndi thupi lake.

"Achemwali. Kwagwanji?"

"Kugwa chiyani? Munthu sangayendere mng'ono wake? Tandilandira, mikono yathothoka."

"Alamu ali bwino?"

"Ali bwino kwambiri. Tandilandira, iwe."

Ndowa zonse ziwiri zinali zodzaza mpaka m'milomo. Munali mabulosi akuda bii, masitiroberi, ndi tina tofiira tofewa tija timene timabereka pa tchire la minga. Madzi ake anali atayamba kale kuchucha m'mbali mwa ndowa, n'kudetsa simenti yapakhonde.

"Ndati tipange jamu," anatero achemwali akulowa, ngati kuti anasiyana dzulo lomweli. "Sefuliya ya amayi yaikulu ija ilipo?"

Eya, anatero Mzime mumtima. Ayambira pa sefuliya. Kenako mipando. Pomaliza makiyi.

"Ilipo. Pamalo pake pomwe."

Anaitsitsa yekha pamwamba pa kabati, n'kuipukuta fumbi nthawi yaitali kuposa mmene fumbilo linalili. Achemwali anali atamanga kale nsalu m'chiuno. Anatulutsa m'chikwama mapaketi a shuga ndi mandimu, n'kuzindandalika patebulo. Anatsegula dirowa ya mipeni osafunsa, ndipo zimenezo zinamubaya Mzime: dzanja lawo linkadziwabe njira za m'nyumba muno.

Anakhuthulira zipatso m'beseni, n'kukhala moyang'anizana, aliyense ndi mbale yake. Ntchito yoyamba inali yosankha, kuchotsa timitengo ndi zowola. Apa m'pamene Mzime anayamba kuona zachilendo. Achemwali ake anali munthu wosita ngakhale nsanza zopukutira mbale. Koma zipatso izi zinathyoledwa ngati wothyolayo akuthamangitsidwa ndi agalu. Munali masamba, nthambi zokhadzulidwa, masitiroberi oyera osayamba n'komwe kufiira, mabulosi obiriwira olimba ngati timiyala. Atakweza maso anaona kuti mikono ya achemwali yakandika kuyambira padzanja mpaka m'zigongono. Kumapazi anavala masilipasi a kubafa, munthu amene ngakhale kotaya zinyalala ankapita pa nsapato zogogoda.

"Mwathyola nokha?"

"Ndekha."

"M'dimba mwanu?"

"Nanga mwa yani? Ndayamba kuba ine?"

"Ayi, ndangofunsa. Zosapsazi ndiye zachuluka. Mumathamangira kuti?"

"Zosapsa ndi zimene zimagwiritsa jamu. Waiwala? Zakupsa zokhazokha amangokhala madzi."

Zinali zoona, mayi awo ankatero. Koma mayi ankaponyamo zochepa, kadzanja kamodzi, osati theka la ndowa. Mzime sanatsutse. Anaganiza kuti masilipasiwo ndi mikono yokandikayo ndi mbali ya sewero: munthu akafuna chinthu chachikulu amabwera akuoneka wachisoni.

Anatsuka zipatso pampopi, pang'onopang'ono kuti zisaphwanyike, n'kuzisiya pasefa kuti zikhe madzi. Achemwali anaduladula masitiroberi akuluakulu, n'kuthira zonse m'sefuliya, n'kuyamba kuzitswanya ndi pansi pa kapu. Mzime ankathira shuga, koma maso ake sanachoke pa manja a achemwali. Manjawo akalowa m'chikwama, iye khosi linkatalika. Ulendo wina anatulutsamo kampango kopukutira thukuta. Ulendo wina kabotolo kakang'ono.

"Chimenecho n'chiyani?"

"Mankhwala a mutu. Ukufunako?"

"Mumwere uko, kutali ndi sefuliya."

Achemwali anamuyang'ana, pakamwa n'kutseguka ngati ayankhe, koma anangomeza piritsi lawo popanda madzi. Kusayankhako kunamuopsa Mzime kuposa china chilichonse. Achemwali amene iye ankawadziwa sakanalola mawu otero kudutsa osawabwezera kawiri.

"Tizisiye kaye zitulutse madzi, shuga asungunuke," anatero achemwali. "Iwe wiritsa mabotolo. Ndikupita kuchimbudzi."

Mzime anatola mabotolo akale m'kabati, kuwatsuka ndi sopo, n'kuwamiza m'madzi pamoto pamodzi ndi zivindikiro zake. Madzi anafika powira achemwali asanabwere, ndipo kuchimbudzi sikunamveke madzi akutsika. Anavula nsapato n'kuyenda chonyang'ama m'kanjira ka pakati pa zipinda.

Anawapeza m'chipinda chosokera. Anali atatambasula mikono, dzanja limodzi lili pakhoma, linalo likufuna kukhudza tebulo la makina. Kenako anayenda kuchokera pawindo kufika pachitseko, milomo ikugwedera.

"Mukuyeza chiyani?"

Achemwali anadzidzimuka mpaka kugunda chidole chovekera zovala.

"Ndimangokumbuka. Bedi langa linkakhala apa, lako uko." Anayang'ana kumwamba. "Denga ili silidontha?"

"Silidontha."

"Windo limatsekeka bwinobwino?"

"Mukufunsiranji?"

"Iwenso, chilichonse mlandu?"

Denga, windo, kukula kwa chipinda. Mzime anali asanagulitsepo nyumba, koma ankadziwa mafunso a anthu ogula. Anadikira kuti achemwali atuluke, n'kukhoma chipindacho, kiyi n'kumuponya m'thumba la epuloni. Anachita zimenezi iwo akuona.

Atabwerera kukhitchini, zipatso zinali zitamira m'madzi ake, ofiira moderako. Anakweza sefuliya pasitovu, moto wochepa poyamba. Achemwali anafinyira mandimu, n'kugwira supuni yamtengo yaitali, kutakasa kuchokera pansi. Fungo linayamba kukwera, lotsekemera mowawasira, fungo limene Mzime analimva komaliza mayi ake akadali ndi mphamvu zoimirira pamoto. Linamufewetsa mtima, ndipo anadzikalipira yekha. N'chimene abwerera nacho chimenechi, anaganiza. Akudziwa pondigwira.

Foni ya achemwali inali patebulo, ndipo inkangonjenjemera. Ikanjenjemera, iwo ankaitembenuza chafufumimba. Mzime anaionako kamodzi: panalibe dzina, nambala yokha. Itanjenjemeranso, achemwali anamupatsa supuni.

"Tagwira. Usaleke kutakasa, angapserere."

Anatulukira khomo lakuseri n'kukankha chitseko. Koma chitseko chimenecho sichinkatsekeka bwino chiyambire, ndipo Mzime anatsamira chakumeneko, mkono ukutakasa, khutu lili panja.

"Dikiranibe pang'ono, bambo," achemwali ankanong'ona. "Ayi, sindinamuuze. Ndi munthu wovuta ameneyu, afunika kumulowa pang'onopang'ono. Ayi, musafike pageti. Khalani pakona pomwepo, ndikuitanani."

Ndiye kuti wogulayo ali kale pakona! Abwera naye ngati mmene munthu amabwerera ndi wogula mbuzi. Ndi dzanja lamanzere Mzime anatulutsa foni yake n'kuimbira mwamuna wake, amene anali makaniko ndipo Loweruka ankagwira ntchito tsiku lonse.

"Bwerani msanga. Achemwali ali pano, abwera ndi munthu wodzagula nyumba."

"Achemwali ako? Wamuona munthuyo?"

"Ali pakona."

"Nanga iwowo akutani?"

"Tikupanga jamu."

Kunamveka chitsulo chikugwa pansi, kenako kuseka. "Mukupanga jamu? Mayi, ine ndili kunsi kwa galimoto ya eni ake. Nyumba sagulitsa ngati tomato, palibe angainyamule lero. Mwina angokusowa. Undisungireko botolo limodzi."

Mzime anadula foni. Amuna, anatero mumtima, mpaka adzaone denga likuyenda.

Achemwali analowa akupukuta nkhope, n'kulanda supuni, n'kukweza moto. Jamu anayamba kubwata mwamphamvu, akukwera m'sefuliya ngati afuna kutuluka, timadontho totentha tikuthethekera pakhoma. Pamwamba panasonkhana thovu lotuwa, ndipo Mzime ankaliwaula ndi chipande n'kulithira m'kambale. Ali ana, thovu limeneli ankalimbirana mpaka kukokana tsitsi. Achemwali anamukankhira kambaleko.

"Talawa, ngati mandimu akwana."

"Yambani ndinu."

"Iwe, ukuganiza kuti ndathiramo chiyani?"

"Sindinanene kanthu. Akulu ndiwo amayamba."

Achemwali anaviika chala, kunyambita, n'kutembenukira kukhoma. Mapewa awo anagwedezeka kamodzi. Mzime anati ndi nthunzi yawalowa m'maso, kapena ndi sewero lomwe lija.

"Ika mbale yaing'ono mufuriji izizire," anatero achemwali osatembenuka. "Watsala pang'ono kugwira."

Nthawi yomweyo panja panalira hutala, kenako wina anagogoda geti ndi kiyi. Supuni inaima m'sefuliya. Achemwali anayang'ana kukhomo, kuyang'ana jamu, kuyang'ananso kukhomo. Jamu akafika pamenepa sasiyidwa. Ukangochoka pang'ono wapserera pansi, ndipo ndowa ziwiri zonse zapita kudzala.

"Takasani," anatero Mzime. "Mlendo wanuyo ndikamulandira ndine."

"Mzime, taima ndikuuze..."

Koma iye anali atafika kale pakhonde, manja ali psuu ndi mabulosi.

Pageti panaima bambo wamfupi wadazi, wovala jekete lachikopa, akuyang'ana nyumba kuyambira kudenga mpaka pansi. Kumbuyo kwake kunali galimoto yotuwa yothimbirira. Mzime sanatsegule geti.

"Mwaiona? Mwakhutira?"

"Pepani mayi, ndimafuna kutsimikiza ngati ndi pano analowa mayi a ndowa aja."

"Ndi pano. Ndipo mumve bwino, bambo. Nyumba ino siyogulitsa. Kaya akulonjezani chiyani, kaya mwagwirizana zotani, muno munafera mayi anga m'manja mwangamu. Mukafuna nyumba, kafuneni kwina."

Bamboyo anayang'ana kumbuyo ngati pali wina amene akuuzidwa zimenezi.

"Mayi, ine nyumba ndiigula ndi chiyani? Ndine wa takisi. Ndingofuna nditsitse katundu ndizipita. Anati dikirani pang'ono, pang'ono pakeyo ndi ameneyu, dzuwa lafika pamutu. Anthu anga akungondiimbira."

"Katundu wanji?"

Anapita kukatsegula kumbuyo kwa galimoto. Munali masutikesi awiri, limodzi lomangidwa ndi lamba poti zipi inakana. Munali bulangete, pilo, nsapato zogogoda zothithikizidwa m'pepala lapulasitiki, ayironi chingwe chili lendelende. Pampando wakumbuyo panali beseni lodzaza mbande za masitiroberi, zozulidwa ndi dothi lake lomwe.

Mzime anatsegula geti osadziwa kuti watsegula.

"Mwawatenga kuti?"

"Kunyumba kwawo, m'mawa." Wa takisi anatsitsa mawu, ngakhale mumsewu munalibe munthu. "Za eni ake sindilowerera, mayi, koma maso saletsedwa kuona. Ndafika masutikesi ali kale panja. Iwo ali m'dimba, kuthyola zipatso ngati akumenyana ndi munthu. Bambo a panyumbapo ali chiimire pakhonde, pambali pawo pali mayi wina wachitsikana, wodwala pakati. Palibe wolankhula. Atatha kuthyola anayamba kuzula. Ine ndinati ndithandize, anandibweza ndi diso lokha."

Mzime anayang'ana mbandezo. Zinali zitayamba kufota ndi kutentha kwa m'galimoto.

"Tsitsani," anatero. "Muike pakhonde. Pakhonde ndati, osati m'nyumba."

Atalowa m'khitchini anapeza sitovu yazimitsidwa. Achemwali anali atatulutsa mbale ija mufuriji n'kudonthezapo jamu pang'ono. Anadikira, kenako anamukankha ndi chala. Jamu anachita makwinya, njira ya chala n'kutsala yosatsekeka.

"Wagwira," anatero, maso ali pambale.

"Alamu ali bwino kwambiri, eti?"

"Ali bwino. Sunamve? Akuyembekezera mwana." Anapukuta chala pansalu. "Amene ine ndinalephera kuwapatsa zaka zonsezi."

"Munadziwa liti?"

"Kudziwa ndinadziwa kale. Mtsikanayo kumuona ndamuona dzulo, atabwera naye kuti tizikhala tonse. Akuti nyumba ndi yaikulu." Anaseka kuseka kopanda mano. "Dimba lija ndinalima ndekha, Mzime. Iwo sanagwirepo khasu ngakhale tsiku limodzi. Ndinati ameneyu atenge bedi, atenge makatani, koma bulosi langa sadyako ngakhale limodzi."

"Bwanji osanena pakhomo pomwe paja? M'malo mondizunguliza ndi sefuliya?"

"Ukanatsegula?"

Mzime anafuna kunena kuti inde. M'malo mwake anatenga chopanira n'kuyamba kuvuula mabotolo m'madzi otentha, kuwaimika pansalu yoyera.

"Tithire akadali wotentha," anatero.

Achemwali ankatunga ndi kapu n'kuthira, kusiya kampata pamwamba. Mzime ankapukuta milomo ya mabotolo n'kumanga zivindikiro zolimba, atagwira ndi nsanza. Jamu anatuluka wakuda mofiirira, njere zikuoneka mkati. Mabotolo anatha jamu asanathe, ndipo wotsalayo anamuthira m'makapu a tiyi.

Mtima wa Mzime sunakhazikike. Chisoni chinalipo, sakanakana, koma pambali pake panakhala kafunso kena kosachoka. Munthu amene anafuna kugulitsa nyumba ali panja, akalowa mkati adzafuna chiyani? Wa takisi uja, ndani akudziwa ngati sanapangane? Koma mikwingwirima ya minga ija inali yeniyeni, ndipo achemwali, ngakhale pa sewero, sakanayenda mumsewu pa masilipasi a kubafa.

"Za nyumba zija," anatero akumanga botolo lomaliza.

"Sindinabwerere zimenezo."

"Ndikunena kuti ndisadzazimvenso. Kaya kwa inu, kaya kwa abale."

"Wamva ndazitchula?"

"Makina anga sachoka m'chipinda chija. Makasitomala amayezera momwemo. Muzigona pamatiresi, m'mawa muzipinda."

"Chabwino."

"Ndipo ndi za masiku ochepa. Mpaka mupeze pokhala."

"Masiku ochepa," anavomera achemwali, mofulumira kwambiri moti Mzime anawayang'anitsitsa.

Makaniko anafika madzulo dzuwa lisanalowe, ovolosi ili noninoni ndi girizi. Anaima pakhonde kuyang'ana masutikesi, n'kuyang'ana mkazi wake.

"Wogula nyumba uja wasiya katundu?"

"Musandiyambe. Nyamulani mulowetse."

Anapereka moni kwa alamu ake mwaulemu, osafunsa kanthu, ngati kuti amabwera Loweruka lililonse. Atasamba m'manja anadula buledi n'kupaka jamu wa m'kapu mochindikala, wina akuchuchira m'zala. Anatafuna atatsinzina.

"Alamu, mukanabwera kale," anatero. Mzime anamuponda phazi kunsi kwa tebulo.

M'mawa mwake Mzime anadzutsidwa ndi phokoso la khasu. Anadzifunditsa nsalu n'kutulukira kuseri. Achemwali anali atagaula kale kachigawo ka m'mbali mwa mpanda, pamene Mzime ankayanika nsalu za makasitomala, ndipo anali atagwada akubzala mbande zija m'mizere yowongoka ngati yojambula ndi rula.

"Wakupatsani malo amenewo ndani?"

"Zikanafa m'beseni. Taona mmene zafotera."

"Ndafunsa kuti wakupatsani ndani."

"Ndingozisungitsa m'dothi, iwe. Tandipatsira madzi."

Mzime anatunga madzi m'ndowa n'kubwera nawo. Anaima akuyang'ana achemwali akuthirira phando lililonse ndi kapu, mosamala, n'kutsendera dothi ndi zala.

"Zimenezi zimabereka pakapita nthawi yaitali bwanji?"

"Zikagwira bwino, chaka chamawa tidya."

"Chaka chamawa."

"Ee. Koma zimakoma kwenikweni chaka chachiwiri."

Achemwali sanadzutse mutu. Anangotambasula dzanja chakumbuyo, kapu ili m'manja, kudikira kuti awathirire madzi ena.